Kiyi ali m'manja mwa yani? Kuyerekeza njira zotetezera zinsinsi pamene malamulo akulola boma kuzonda mauthenga

Mu February 2025, kampani ya Apple inalengeza kuti anthu okhala ku Britain sadzathanso kugwiritsa ntchito njira yake yotchedwa Advanced Data Protection, imene inkachititsa kuti zithunzi, zolemba ndi makope a foni osungidwa pa iCloud, malo a Apple osungira zinthu pa intaneti, zikhale zokhomedwa ndi kiyi amene anali ndi mwini foni yekha. Masiku ochepa m'mbuyomo, nyuzipepala ya Washington Post inali italemba kuti boma la Britain lalamula Apple mwachinsinsi kuti itsegule njira yoti akuluakulu a zachitetezo azitha kuona zinthu zimenezi. Lamulo limene bomalo linatsamira ndi Investigatory Powers Act la 2016, lomwe limalola nduna kulamula kampani kuti isinthe makina ake, ndipo limaletsa kampaniyo kuulula kuti yalandira lamulo lotero. Apple sinavomere kuboola loko wake, koma inamuchotsa pazitseko za anthu a m'dzikolo.

Nkhaniyi ingaoneke yakutali, koma namwino wa ku Malawi amene amagwira ntchito ku Manchester akamatumiza uthenga kwa mayi ake ku Dedza, uthengawo umadutsa m'malamulo a mayiko awiri kapena atatu usanafike, ndipo dziko lililonse lili ndi zimene limalola akuluakulu ake kuona. Pansipa ndikuyerekeza njira zimene munthu wamba ali nazo zotetezera zokamba zake, ndipo njira iliyonse ndikuifunsa mafunso awiri omwewo: kodi kiyi ali m'manja mwa yani, ndipo chitseko chikakhomedwa, ndi zinthu ziti zimene zimatsala panja poonekera? Mafunsowa ndi ofunika chifukwa chikalata cha khoti kapena cha nduna chimapita kwa munthu kapena kampani imene ili ndi kanthu koti ipereke. Kampani imene ilibe kiyi ingalamulidwe maulendo khumi, koma sidzapereka chimene ilibe.

Zimene malamulo amafuna

Malamulo ozonda anthu amasiyana mayina, koma zofuna zake zimafanana. Choyamba ndi kukakamiza makampani a mafoni ndi intaneti kusunga mbiri ya makasitomala onse, olakwa ndi osalakwa omwe. Ku Britain kampani ikhoza kulamulidwa kusunga kwa miyezi 12 mndandanda wa malo a pa intaneti amene munthu analowa, pamene ku Australia lamulo la 2015 limafuna kuti mbiri ya amene anaimbira yani, nthawi yanji komanso ali kuti isungidwe kwa zaka 2. Chachiwiri ndi kutunga mauthenga ochuluka nthawi imodzi n'kuyamba kusefa pambuyo pake, monga momwe Edward Snowden anaululira mu 2013 kuti bungwe la ukazitape la Britain la GCHQ linkatapa zodutsa m'zingwe za intaneti za pansi pa nyanja. Chachitatu ndi kukakamiza kuti kiyi aperekedwe. Izi zikhoza kugwera kampani, monga zinachitikira Apple, koma zikhozanso kugwera inuyo: lamulo la Britain la RIPA la 2000 limati munthu wokana kupereka pasiwedi atalamulidwa moyenera akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 2, kapena zaka 5 ngati mlanduwo ukukhudza chitetezo cha dziko kapena zithunzi zolaula za ana.

Kuno kwathu, ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi imateteza munthu kuti makalata ndi mauthenga ake asalowereredwe, ndipo mu 2024 tinalandiranso lamulo loteteza mbiri za anthu. Komabe kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kutanthauza kuti nambala ndi dzina ndi chinthu chimodzi, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limafuna kuti opereka ntchito za encryption, luso lokhoma mauthenga kuti opanda kiyi asawawerenge, alembetse ku MACRA ndi kufotokoza mmene luso lawo limagwirira ntchito. Ku Zimbabwe kuli lamulo lolola kutchera mauthenga kuyambira 2007. Ku Zambia, malamulo atsopano a pa intaneti amene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu April 2025 anachititsa ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka kuchenjeza nzika zake. Ku South Africa zinthu zinayenda mwina: mu February 2021 khoti loona za malamulo aakulu, pa mlandu umene atolankhani a amaBhungane anakasuma, linagamula kuti kutunga mauthenga a anthu ambirimbiri nthawi imodzi kunalibe lamulo lokuloleza, ndiponso kuti lamulo lolola kutchera mauthenga la RICA linali loperewera popeza munthu ankatha kuzondedwa osadzauzidwa mpaka kalekale.

Sindikunena kuti boma lilibe chifukwa. Pali akuba ndalama za pa foni, ozembetsa anthu ndi ogwirira ana, ndipo wapolisi amene watenga chilolezo cha khoti kuti afufuze munthu mmodzi woganiziridwa mlandu akugwira ntchito imene tonsefe timaifuna. Chimene ndimakana ndi khomo lakuseri lotsegulidwa m'makina a aliyense, chifukwa mbiri yaonetsa kale amene amadzalowerapo. Ku Greece, pakati pa 2004 ndi 2005, anthu osadziwika anagwiritsa ntchito mbali ya makina a Vodafone yopangidwira apolisi n'kumamvetsera mafoni oposa 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu ya dzikolo. Mu 2024 akuluakulu a ku America anavomereza kuti gulu lotchedwa Salt Typhoon, limene amati ndi la boma la China, linalowa m'makampani aakulu a mafoni monga AT&T ndi Verizon, ndipo pofika December chaka chomwecho akuluakulu a bungwe lofufuza milandu la FBI ndi bungwe loona za chitetezo cha pa intaneti la CISA ankalangiza anthu kuti azilankhulana pa mapulogalamu okhala ndi encryption. Khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya nalonso, mu February 2024, pa mlandu wa Podchasov wotsutsana ndi Russia, linagamula kuti kufooketsa encryption ya anthu onse pofuna kugwira ochepa n'kuphwanya ufulu.

Bokosi la pa basi

Encryption ndi luso la masamu losokoneza uthenga kuti usanduke zilembo zopanda tanthauzo kwa aliyense amene alibe kiyi woubwezeretsera. Kuti timve kusiyana kwa mitundu yake, taganizirani katundu amene mukutumiza pa basi kuchokera ku Mzuzu kupita ku Blantyre. Njira ina ndi yoti bokosi likhomedwe koma kondakitala akhale ndi kiyi: wakuba wa pa siteji sangatsegule, koma kondakitala angathe, ndipo apolisi akamuimitsa pa rodibuloko atsegula. Umu ndi mmene imelo wamba ndi mapulogalamu ambiri amagwirira ntchito. Njira ina ndi yoti kiyi akhale ndi inu ndi wolandira basi, ndipo iyi ndi imene imatchedwa end-to-end. Koma ngakhale pamenepa, buku la kondakitala limasonyeza amene anatumiza, amene analandira, tsiku, malo ndi kulemera kwa bokosilo. Zolembedwa m'buku limeneli ndi zimene akatswiri amati metadata, ndipo musazione ngati zazing'ono. Michael Hayden, yemwe anatsogolerapo mabungwe a ukazitape a ku America a NSA ndi CIA, ananena poyera mu 2014 kuti dziko lake limapha anthu potengera metadata. Munthu amene waimbira loya usiku, kenako mtolankhani m'mawa, kenako n'kuzimitsa foni, wafotokoza nkhani yake yonse popanda aliyense kumva liwu lake, ndipo waululanso anzakewo, monga akulu ananenera kuti khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

Tikayesa SMS ndi kuimba kwa masiku onse ndi muyeso umenewu, nkhani imatha msanga. Kiyi ali ndi kampani ya foni, buku lonse la kondakitala lili ndi kampani yomweyo, ndipo nambala yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chanu. Kuonjezera apo, njira yakale yolumikizira makampani a mafoni a mayiko osiyanasiyana, yotchedwa SS7, ili ndi mipata yodziwika bwino, ndipo mu December 2020 ofufuza a Citizen Lab ku Toronto anatchula Zambia, Zimbabwe ndi Botswana pakati pa mayiko amene ankaoneka kuti anagula makina a kampani ya Circles ogwiritsa ntchito mipata imeneyi. Ubwino wa SMS ndi woti imafika pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, ndipo sifuna bandulo. Igwiritseni ntchito pouza mlamu wanu kuti mwafika bwino, koma musalembemo zimene simungafune kuti ziwerengedwe m'khoti.

WhatsApp ndi imene ambirife tili nayo, ndipo m'pofunika kuiweruza mwachilungamo. Kuyambira April 2016, mauthenga, zithunzi ndi mawu onse a pa WhatsApp amakhomedwa kuchokera pa foni ya wotumiza mpaka ya wolandira, pogwiritsa ntchito luso limene anapanga a Signal, pulogalamu ina yotumizira mauthenga. Kampani ya Meta, mwini wake wa WhatsApp, ilibe kiyi wa zimene mwalemba. Ichi ndi chinthu chachikulu, ndipo anthu oposa 2 biliyoni anachilandira popanda kusintha kalikonse pa foni zawo. Kufooka kwake kuli pawiri. Poyamba, buku la kondakitala ndi lodzaza: kampaniyo imadziwa nambala yanu, mtundu wa foni yanu, adiresi yanu ya pa intaneti ndi magulu amene mulimo, ndipo ikalandira chikalata chovomerezeka ikhoza kuyamba kulemba amene mukutumizirana naye mauthenga ndi nthawi yake n'kupereka kwa ofufuza. Kachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera, pali kope la mauthenga limene foni imasunga ku Google Drive kapena ku iCloud. Kope limeneli silikhomedwa ndi kiyi wanu pokhapokha mutalamula nokha. Kuyambira 2021 WhatsApp inaika njira yolikhomera, imene imapezeka m'makonzedwe pansi pa Chats kenako Chat backup, ndipo mumasankha pasiwedi kapena kiyi wa zilembo 64. Mukaiwala pasiwediyo n'kutaya foni, mauthenga apita, ndipo palibe ofesi imene mungakadandaule. Umenewo ndiye mtengo wokhala ndi kiyi nokha. Kumbukiraninso kuti uthenga uliwonse uli ndi eni awiri, choncho ngati mnzanuyo sanakhome kope lake, mawu anu ali pambalambanda kudzera kwa iye.

Pano ndiyenera kutchula GBWhatsApp ndi abale ake, mapulogalamu osinthidwa amene achinyamata amapatsana pa foni chifukwa amalola kuwerenga mauthenga ofufutidwa kapena kubisa kuti uli pa intaneti. Mapulogalamuwa sachokera ku WhatsApp, amene anawasintha sadziwika, ndipo uthenga umafika m'manja mwawo utatsegulidwa kale. Amene waika pulogalamu yotere wapereka kiyi kwa mlendo amene sanamuonepo nkhope.

Signal imagwiritsa ntchito loko yemweyo, koma inamangidwa ndi cholinga choti buku la kondakitala likhale lopanda kanthu. Imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu limene Moxie Marlinspike ndi Brian Acton anakhazikitsa mu 2018, ndipo mmene pulogalamuyi inalembedwera n'zoonekera kwa aliyense wofuna kuifufuza. Umboni wake wamphamvu unachokera kukhoti: mu 2016 ofufuza a ku Virginia atalamula kuti apatsidwe zonse zokhudza nambala ina, chimene Signal inali nacho ndi tsiku limene akauntiyo inatsegulidwa ndi tsiku limene inalumikizidwa komaliza. Mayina a anzake a munthuyo, magulu ake ndi nthawi za mauthenga ake panalibe. Kuyambira 2024 munthu akhozanso kupatsa ena dzina longopeka m'malo mwa nambala yake. Pa njira zonse zotumizira mauthenga, iyi ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri, ndipo ndingailangize kwa mtolankhani, loya, dokotala, mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito ndi aliyense amene amasunga zinsinsi za anthu ena.

Zovuta zake ndi za tsiku ndi tsiku. Polembetsa imafunabe nambala ya foni. Abale ambiri alibe pulogalamuyi, ndipo mabandulo otsika mtengo a WhatsApp okha saigwira, kotero kuti munthu wopeza movutikira amaiona ngati chinthu cha olemera. Kampani ya foni siona zimene mukulemba, koma imaona kuti foni yanu ikulumikizana ndi Signal, ndipo kumene oigwiritsa ntchito ali ochepa, zimenezo zokha zimakusiyanitsani ndi anzanu. Ndiponso palibe loko amene amateteza kwa munthu amene mwamulowetsa nokha m'nyumba. Mu March 2025, akuluakulu a boma la America anakambirana pa Signal za kuphulitsa mabomba ku Yemen, osadziwa kuti aika molakwitsa mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg, m'gulu lawo. Encryption inagwira ntchito yake bwinobwino, ndipo inafikitsa chinsinsi chonse kwa mtolankhaniyo mosamala. Gulu la anthu 200 la kumpingo kapena la ndale, kaya lili pa Signal kaya pa WhatsApp, lili ngati bwalo la pamudzi, chifukwa mmodzi yekha wojambula zimene zili pa sikirini ndi wokwanira.

Telegram ndi imene anthu amaimvetsa molakwika kuposa zonse. Inatchuka ngati pothawira chifukwa mwini wake, Pavel Durov, anakana kupereka makiyi ku boma la Russia, ndipo pulogalamuyi inatsekedwa m'dzikolo kuyambira 2018 mpaka 2020. Koma macheza wamba a pa Telegram, pamodzi ndi magulu onse ndi matchanelo onse, amasungidwa m'makompyuta a kampaniyo, ndipo kiyi ali ndi kampaniyo. Njira yokhoma kuchokera foni mpaka foni ilipo, yotchedwa Secret Chat, koma muyenera kuitsegula nokha, ndipo imagwira pakati pa anthu awiri okha. Durov atamangidwa ku France mu August 2024, kampaniyo inalengeza mwezi wotsatira kuti izipereka nambala za foni ndi maadiresi a pa intaneti a oganiziridwa milandu ikalandira pempho lovomerezeka. Telegram ndi yabwino pofalitsa nkhani kwa anthu ambiri ndi kutumiza mafayilo aakulu, koma pa kusunga chinsinsi ili pansi pa WhatsApp, ngakhale ambiri amaganiza zosiyana.

VPN, Tor ndi imelo

VPN inadziwika kwambiri ku Africa pa nthawi za mavuto. Boma la Uganda litaika msonkho wa 200 shillings patsiku pa masamba a mchezo mu July 2018, anthu ambiri anathawira ku VPN, ndipo ku Zambia zinachitikanso chimodzimodzi pa tsiku la chisankho la 12 August 2021 pamene WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa. Pa ntchito yolambalala chotchinga, VPN ndi yothandiza ndithu. Pa ntchito yobisa, otsatsa malonda amaikometsera mopitirira. Chimene VPN imachita ndi kutenga zonse zochokera pa foni yanu n'kuzidutsitsa mu mpaipi wotsekedwa kupita ku kompyuta ya kampani ina, kotero kuti kampani yanu ya foni sionanso masamba amene mukulowa. Koma tsopano kampani ya VPN ndi imene ikuona, choncho buku la kondakitala langosamukira kwa kondakitala wina, amene ali pansi pa malamulo a dziko lina. Mu 2011 kampani ya ku Britain ya HideMyAss inapereka mbiri ya kasitomala wake italamulidwa ndi khoti, ndipo munthuyo anamangidwa ku America. Mu April 2023 apolisi a ku Sweden anafika ku ofesi ya Mullvad ndi chikalata chofufuzira, ndipo malinga ndi kampaniyo anabwerera chimanjamanja chifukwa panalibe mbiri yosungidwa. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi ndi kumene muyenera kufufuza musanalipire. Za ma VPN aulere, chitsanzo cha Onavo chikukwanira: inali ya Facebook, inkasonkhanitsa zimene anthu amachita pa foni zawo, ndipo inachotsedwa m'sitolo ya Apple mu 2018. Dziwaninso kuti mukalowa mu akaunti yanu ya Facebook kapena Google muli pa VPN, makampaniwo akukudziwani monga kale.

Tor imathetsa vuto lokhulupirira kondakitala mmodzi podutsitsa uthenga m'makompyuta atatu a anthu ongodzipereka, ndipo palibe ngakhale imodzi mwa atatuwo imene imadziwa zonse ziwiri, kumene uthenga wachokera ndi kumene ukupita. Luso lake linayambira ku malo ofufuzira a asilikali a pamadzi a ku America m'zaka za m'ma 1990, ndi laulere, ndipo BBC inatsegula tsamba lake pa Tor mu 2019 kuti anthu a m'mayiko otchinga nkhani aziwerenga. Pa kubisa amene akuwerenga chiyani, palibe njira ina yapafupi imene imaposa iyi. Komabe imayenda pang'onopang'ono, zomwe zimapweteka kwambiri kumene netiweki ndi yofooka kale, masamba ena amaikana, ndipo kampani yanu ya foni imaona kuti mwatsegula Tor. Mu December 2013 wophunzira wina wa pa yunivesite ya Harvard anatumiza uthenga wabodza woopseza za bomba kudzera pa Tor, ndipo anagwidwa msanga chifukwa ofufuza anangoona amene ankagwiritsa ntchito Tor pa netiweki ya sukuluyo pa nthawiyo. Kwa munthu wofuna kutumiza chikalata chosonyeza katangale kwa mtolankhani, Tor ndi yoyenera, bola asaitsegulire pa intaneti ya ku ofesi.

Imelo sinapangidwe kuti isunge chinsinsi, ndipo zoyesa kuikonza zimapindula pang'ono. PGP, imene Phil Zimmermann anatulutsa mu 1991, imakhoma mkati mwa kalata koma imasiya mutu, wotumiza ndi wolandira poyera, ndipo ndi yovuta kwa munthu wamba. Proton Mail ya ku Switzerland inafewetsa zinthu, ndipo makalata a pakati pa makasitomala ake amakhomedwa foni mpaka foni, koma mu 2021 inalamulidwa ndi akuluakulu a dzikolo kulemba adiresi ya pa intaneti ya womenyera zachilengedwe wina wa ku France, ndipo inatero. Zimene analemba sizinawerengedwe, koma kumene anali kunadziwika. Ngati nkhani ndi yovuta, ndi bwino kuichotsa pa imelo n'kuipititsa pa Signal.

Foni imene ili m'thumba

Njira zonsezi zimateteza uthenga uli pa ulendo. Ukafika, umakhala pa foni utatsegulidwa, ndipo kwa anthu ambiri a kuno ngozi yeniyeni ili pamenepa. Pamene mtolankhani Gregory Gondwe anamangidwa mu April 2022, apolisi anatenga foni ndi kompyuta yake. Sipafunika makina otchera zingwe za pansi pa nyanja ngati foni ingathe kulandidwa pa tebulo.

Tsiku lina ndinapititsa foni yanga kwa okonza mafoni mumsika itasweka galasi. Mnyamata wokonzayo, ali ndi kasikuludiraiva kakang'ono kukamwa, anandipempha kuti ndimuuze nambala yotsegulira kuti adzayese ngati galasi latsopano likugwira. Pambali panga mayi wina anajambula patani yake ndi chala m'mwamba, anthu asanu akuona, n'kusiya foniyo kuti adzaitenge mawa. Pa shelefu panali mafoni ambiri, iliyonse ili ndi kapepala komatidwa kumbuyo kolembedwa nambala yake. Inenso ndinatsala pang'ono kunena yanga, chifukwa kukana kumaoneka ngati ukumuganizira mnzako zoipa. Ndinasankha kudikira pomwepo mpaka amalize kuti nditsegule ndekha. Mauthenga onse okhomedwa a mayi uja, a kubanki, a kuchipatala ndi a m'banja, anagona usiku umenewo m'kabati ya munthu wina, kiyi atamatidwa pamwamba pake.

Mafoni a masiku ano amakhoma zonse zimene zili mkati: iPhone kuyambira 2014, ndipo mafoni atsopano a Android nawonso amabwera atakhomedwa kale. Mphamvu ya loko ameneyu ndi yaikulu moti mu 2016 FBI inatengera Apple kukhoti pofuna kutsegula foni imodzi ya chigawenga cha ku San Bernardino. Koma loko amalimba molingana ndi nambala imene mwasankha. Nambala ya manambala 4 ili ndi njira 10,000 zokha, ya manambala 6 ili ndi 1,000,000, ndipo makampani monga Cellebrite amagulitsa kwa apolisi a mayiko ambiri makina oyesera kutsegula mafoni. Chaka chobadwa chimaganiziridwa mosavuta, ndipo patani nthawi zina imaoneka pa galasi chifukwa cha mafuta a chala. Mawu angapo osagwirizana amene inu nokha mungawakumbukire amaposa zonsezi. Kutsegula ndi chala kapena nkhope n'kosavuta, koma chala chikhoza kugwidwa ndi munthu wina n'kuikidwa pa foni, pamene mawu a m'mutu ayenera kunenedwa. Foni yozimitsidwa kotheratu imakhala yolimba kuposa yoyaka, choncho amene akuona kuti foni yake ingalandidwe achita bwino kuizimitsa. Pa kompyuta, BitLocker, FileVault kapena VeraCrypt zimagwira ntchito yofananayo, ndipo laputopu yosakhomedwa imawerengeka ndi aliyense wodziwa kuchotsa diski.

Kumene lamulo limakakamiza kupereka pasiwedi, monga ku Britain, loko sathandizanso, ndipo sindikulangiza aliyense kunyoza khoti kapena kufufuta umboni pamene mlandu wayamba. Chimene munthu angachite mwachilungamo ndi kusasunga zimene safunika kusunga. WhatsApp ndi Signal zonse zili ndi njira yoti mauthenga azifufutika okha pakapita nthawi imene mwasankha, ndipo namwino kapena mlangizi amene amalandira nkhani za odwala alibe chifukwa chokhalira ndi macheza a zaka zisanu m'thumba.

Pamwamba pa zonsezi pali mapulogalamu aukazitape monga Pegasus ya kampani ya NSO Group ya ku Israel, amene amalowa m'foni mwakachetechete n'kuwerenga uthenga usanakhomedwe kapena utatsegulidwa kale. Mu 2019 WhatsApp inasumira kampaniyi ponena kuti inalowa m'mafoni a anthu pafupifupi 1,400, ndipo mu July 2021 gulu la atolankhani a mayiko osiyanasiyana linafufuza mndandanda wa nambala pafupifupi 50,000 za anthu amene ankaoneka kuti anasankhidwa kuti azondedwe. Palibe pulogalamu ya mauthenga imene imateteza ku zimenezi. Chotonthoza n'chakuti zida zotere n'zodula ndipo zimalunjikitsidwa kwa anthu osankhidwa, zomwe zikusonyeza phindu lenileni la encryption: imachititsa kuti kuzonda aliyense kukhale kovuta, n'kukakamiza wozonda kusankha munthu mmodzi ndi kulipira mtengo wake. Chitetezo chimene chilipo ndi kulola foni kulandira zokonza zatsopano ngakhale zikudya bandulo, kusatsegula maulalo ochokera kwa osawadziwa, ndipo kwa amene ali pachiopsezo chachikulu ndipo ali ndi iPhone, kuyatsa njira yokhwimitsa chitetezo yotchedwa Lockdown Mode imene Apple inaika mu 2022. Foni yakale imene kampani yake inasiya kuitumizira zokonza ndi yofooka ngakhale mutaikamo Signal.

Kwa namwino wa ku Manchester uja ndi mayi ake, WhatsApp yeniyeni, kope lokhomedwa kumbali zonse ziwiri ndi nambala yotsegulira yaitali zimakwanira, ndipo sizifuna ndalama ina. Wabizinesi woyenda m'malire angaonjezere VPN yolipira yogwiritsa ntchito pa intaneti ya m'mahotela ndi masiku amene masamba atsekedwa. Amene ntchito yake ndi kusunga zinsinsi za ena ayenera kusamukira ku Signal ndi kuyatsa mauthenga ofufutika okha, ngakhale zitanthauze kuphunzitsa anzake mmodzimmodzi. Kwa mtolankhani ndi munthu womupatsa nkhani yoopsa, patsala njira yakale yokumana maso ndi maso, imene ilibe kampani yoti ilamulidwe. Nayonso ili ndi msampha wake, chifukwa foni iliyonse yoyaka imadzidziwitsa ku nsanja ya netiweki imene ili pafupi, ndipo mbiri imeneyo imasungidwa ndi kampani ya foni. Mafoni awiri olembetsedwa ndi ziphaso, opezeka pansi pa nsanja imodzi kwa ola limodzi, amasonyeza kuti eni ake anali dera limodzi ngakhale sanaimbirane, choncho onse awiri ayenera kusiya mafoni awo kunyumba ali oyaka monga mwa masiku onse.